Zinki mu oyilo wa injini ya boti yakale: muthire liti, muthire wochuluka bwanji

Ife a ku Lilongwe amene boti lathu limagona ku Senga Bay kapena ku Nkhotakota, ena limakhala pa thirela kuseri kwa nyumba kudikira ma holide, nkhani ya zinki tikuimva kwambiri masiku ano. Wina akuti thirani botolo lonse, wina akuti ndi kutaya ndalama basi. Ine maganizo anga ndi oti musanagule kabotolo kalikonse, yambani mwadziwa injini yanu ndi oyilo amene mukuthira kale, chifukwa anthu ambiri amene akusakasaka zinki m'mashopu a ku Old Town ali naye kale mu sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini, osadziwa, pamene ochepa amene akumufunadi ndi omwe sanamvepo n'komwe. Nde tiyeni tiyende pang'onopang'ono.

Choyamba penipeni, injini yanu ndi yamtundu wanji. Ngati ndi ya kumbuyo kwa boti ija ya two-stroke, monga ma Yamaha Enduro amene asodzi ambiri amadalira pa nyanja yathu, tsekani foni mupite mukachite zina, nkhaniyi si yanu. Two-stroke ilibe kamshafuti, ilibe matapeti, oyilo wake amapsera limodzi ndi petulo, nde mukathiramo zinki mungodzipangira phulusa pa pulagi ndi pa pisitoni. Imeneyo imafuna oyilo wolembedwa TC-W3 basi. Ma four-stroke atsopano a kumbuyo, a Suzuki, Honda, Yamaha, nawonso asiyeni, apatseni oyilo wa chizindikiro cha FC-W monga buku lawo likunenera. Amene tikulankhula nawo ndi a injini zokhala mkati mwa boti, zakalekale, monga MerCruiser 3.0 ya masilinda anayi, ma V8 a Chevrolet 305 ndi 350 amene MerCruiser ndi Volvo Penta ankawasandutsa a m'madzi, komanso ma dizilo akale a Perkins ndi Yanmar, ngakhalenso injini ya lole imene makaniko wina anaikokera m'boti.

Mkati mwa injini zimenezi muli kamshafuti, chitsulo chachitali chokhala ndi timalinunda. Kalinunda kalikonse kakamazungulira kamakankha tapeti, tapeti ikankha ndodo, ndodo ikankha rocker, valavu itseguka. Matapeti alipo amitundu iwiri. Ena ali ndi kateyala kunsi, amagudubuzika pa kamu, amenewo ndi ma roller ndipo savuta. Ena ndi osalala kunsi, flat tappet, amenewa sagudubuzika koma amakwechesana ndi kamu ngati mwanamphero pa mphero, chitsulo pa chitsulo, sipuling'i ya valavu ikupanikiza. Mu injini yonse malo amene kupanikizana kumakhala kwakukulu pa kadera kochepetsetsa ndi pamenepa, ndipo mu ma V8 akalewa timalinundato sitilandira oyilo kuchokera ku pampu mwachindunji, timadalira wongowazika kuchokera ku crankshaft. Onjezerani poti injini ya boti imagwira ntchito yakalavulagaga kuposa ya galimoto. Galimoto ikamatsika ku Dedza imapumako, imasintha magiya, koma boti likakhala pa madzi injini imakoka nthawi yonse, ma rpm 3000 mpaka 4000 kwa maola, makamaka mukakumana ndi mwera.

Mudziwa bwanji kuti yanu ndi flat tappet? Musadalire chaka chokha. GM inayamba kuika ma roller mu ma V8 a galimoto zake mu 1987, koma injini za m'madzi zinachedwerapo, ndipo maboti ambiri amene anafika kuno anabwera ogwiritsidwa kale ntchito, injini mwina inasinthidwa kawiri isanawoloke pa Mwanza. Pezani serial number, nthawi zambiri imakhala pa kachitsulo komatidwa pa block kapena pa chivundikiro cha pamwamba, muifufuze pa intaneti kapena m'buku la injiniyo. Ngati nambala inafufutika, makaniko atha kuchotsa intake manifold pa V8, mungosuzumira muona. Ma roller amakhala ndi tizitsulo towagwira kuti asatembenuke, ma flat amakhala okhaokha m'mabowo mwawo chifukwa iwo amayenera kumazungulira. MerCruiser 3.0 ija musavutike, ndi flat tappet.

Tsopano zinki amene tikunenayu. Dzina lake ndi ZDDP, mankhwala okhala ndi zinki ndi fosiforasi, anayamba kuikidwa mu oyilo m'zaka za m'ma 1940. Si yemwe uja wa ma anode omangirira kunja kwa boti, musapale anode n'kuthira mu injini chonde. ZDDP amagwira ntchito pakakhala kutentha ndi kupanikizana, amapanga kakhungu kopyapyala kwambiri pa chitsulo, nde m'malo moti kamu idyeke kamadyeka ndi kakhunguko, kenako kamapangikanso. Choteteza kwenikweni ndi fosiforasiyo, anthu anangozolowera kunena zinki. Vuto linabwera ndi galimoto zamakono. Fosiforasi akapsa amaononga catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi mu ekizozi, nde malamulo a API, bungwe la ku America loika miyezo ya oyilo, anayamba kumuchepetsa. API SJ ya mu 1996 inaika malire a fosiforasi pa 1000 ppm (ppm ndi magawo pa miliyoni), kenako SM ya mu 2004 inatsitsa kufika 800 ppm, ndipo SN ya mu 2010 ndi SP ya mu 2020 zinapitiriza pomwepo. Kale ma oyilo ambiri ankakhala cha m'ma 1200.

Koma apa mvetserani, chifukwa ndi pamene ambiri amasochera. Malire a 800 amenewa amakhudza ma oyilo opyapyala a galimoto za petulo, 0W-20, 5W-20, 5W-30, 10W-30. Sakhudza 20W-50, sakhudza 15W-40 wa dizilo. Oyilo wa dizilo wa CJ-4, amene anabwera mu 2006, malire ake ndi 1200 ppm, ndipo CI-4 wa mu 2002, amene ndi wosavuta kupeza kuno chifukwa cha malole ndi ma minibasi athu, analibe malire otsika chonchi. Nde anzathu aku America amene amadandaula kwambiri za zinki ndi chifukwa choti mashelefu awo anadzaza ndi 5W-30, ife kuno mukalowa pa filling station iliyonse mupeza 15W-40 ndi 20W-50 ali mbwee. Pa nkhani imeneyi yokha umphawi wathu wa galimoto zakale watithandiza.

Chachiwiri nde ndi chimenecho, tembenuzani chigubu cha oyilo amene mumathira muwerenge kumbuyo. Onani makulidwe ake, onani zilembo za API. Pa chigubu sipalembedwa ma ppm nthawi zambiri, nde lembani dzina la oyiloyo pa Google muonjezere mawu oti product data sheet, makampani ena amalemba zinc ndi phosphorus pa pepala limenelo. Akalemba 0.12% ndiye kuti ndi 1200 ppm, 0.08% ndi 800. Pa injini wamba ya flat tappet imene sinasinthidwe masipuling'i, fosiforasi akakhala pakati pa 1000 ndi 1200 ppm mwafika, yomwe ili ndi kamu yamphamvu ndi masipuling'i olimba imafuna cha m'ma 1200 mpaka 1400. Ngati oyilo wanu ali m'menemo kale, kabotolo ka zinki simukukafuna. Ndalamayo gulirani fyuluta yabwino.

Ine ndikanakhala inu ndikanatsata mndandanda uwu posankha. Ngati mungapeze oyilo wa m'madzi weniweni amene opanga injini amanena, monga 25W-40 wa MerCruiser kapena Quicksilver, tengani ameneyo, chifukwa kupatula kuteteza kamu alinso ndi mankhwala oletsa dzimbiri, ndipo injini yokhala pa chinyezi miyezi osaliza imadwala dzimbiri msanga. Kuno sapezeka wamba, ambiri amaitanitsa kwa amene akuchokera ku Johannesburg. Akasowa, 15W-40 wa dizilo wa kampani yodziwika, ndipo ngati injini ndi ya petulo onani kuti walembedwanso S, monga CI-4/SL. Palinso ma oyilo opangidwira injini zakale monga Valvoline VR1 20W-50 amene zinki wake ndi wokwera kale. Kabotolo kothira padera kabwere pomaliza, zina zonse zikakanika. Chifukwa chake n'choti oyilo amasakanizidwa ku fakitale ndi akatswiri, mankhwala otsuka ndi oteteza amalimbirana malo pa chitsulo chomwecho, nde iwo anayeza kale kuti zigwirizane, pamene ife tikungothira ndi maso pa doko.

Ndipo oyilo akhale weniweni. Uja wothiridwa m'mabotolo a madzi akumwa m'mbali mwa msewu, kapena chigubu chimene chidindo cha pa chitsekero chaduka, musiyeni ngakhale atatchipa bwanji. Simungawerengere ma ppm a chinthu chimene simukudziwa kuti ndi chani.

Tinene kuti mwapeza kuti mukufunikadi kuthira, mwina muli ndi katoni ya 10W-30 wa SN imene munagula kale, kapena mwangomanga kamu yatsopano. Apa pakufunika masamu pang'ono, musathawe. Dziwani kaye malita amene injini yanu imamwa pamodzi ndi fyuluta, ma V8 ang'onoang'onowa ndi cha m'ma malita 5, MerCruiser 3.0 ndi ochepera 4, koma onani buku. Kenako dziwani mphamvu ya kabotoloko, chifukwa timasiyana kwambiri, kena ndi kokhathamira, kena ndi oyilo wokhuthala chabe wokhala ndi zinki wa dzina. Kabotolo kamene sikanena mphamvu yake penapaliponse ine sindikakhulupirira. Chitsanzo, nambala izi ndi zongophunzitsira: muli ndi malita 5 a oyilo wa 800 ppm, mukufuna 1200, kusiyana kwake ndi 400. Chulukitsani 400 ndi 5, ikupatsani 2000. Ngati kabotolo kali ndi 20000 ppm, chotsanipo 1200 mukufuna uja, yatsala 18800, gawani 2000 ndi 18800, yankho ndi 0.106, kutanthauza mamililita 100 ndi pang'ono. Mwaona, si botolo lonse. Gulani sirinji yaikulu ku pharmacy muziyezera.

Anthu amaganiza kuti zinki akachuluka chitetezo chichulukanso, ayi. Mukapitirira cha m'ma 1500 phindu limatha, ndipo mukayandikira 2000 ppm mankhwalawa amayamba kudya chitsulo chomwe amayenera kuteteza, pa kamu pamatuluka timaenje. Nde munthu amene wathira 20W-50 wa zinki wambiri kale n'kuonjezera botolo lathunthu pamwamba, akufulumizitsa yekha zimene amaopa.

Kathiridwe kake. Zinki amathiridwa posintha oyilo, osati pa oyilo wakuda wotopa. Lizani injini itenthe mphindi 10 kuti oyilo apyapyale ndipo zinyalala zisakanikirane. Ngati boti lili pa thirela kuno ku tauni, musalize injini popanda madzi ngakhale kwa kanthawi, impeller ya pampu ya madzi ndi ya labala, imapsa msanga kwambiri. Mangani timakutu ta labala tolumikiza ku payipi ya madzi pa mabowo olowera madzi a pa mwendo wa injini, tsegulani mpopi kaye kenako lizani, ndipo onetsetsani kuti tsiku limenelo madzi akutuluka mwamphamvu, mukudziwa momwe mipopi yathu imachitira. Pa injini ya petulo ya mkati, tsegulani chivundikiro kapena yatsani blower, fani yotulutsa mpweya m'chipinda cha injini, mphindi zinayi musanakhudze kiyi, mpweya wa petulo umakhala pansi m'boti ndipo kamoto kamodzi n'kokwanira.

Mukazimitsa, kokani oyilo. M'maboti ambiri nati ya pansi pa sampu siifikirika, nde timakoka ndi kapampu kudzera pa paipi ya dipisitiki. Kokani mpaka kayambe kukoka mphepo, ndipo yang'anani kuchuluka kwa amene watuluka, ngati injini imamwa malita 5 koma atuluka 3, kapaipi sikanafike pansi. Masulani fyuluta mutaiveka jumbo kunsi kuti oyilo asatayikire m'boti, chifukwa akatayikira m'menemo pampu ya bilge, yotulutsa madzi a pansi m'boti, idzamutayira m'nyanja momwe timawedza chambo. Wakaleyo muthireni m'chigubu chotseka, osati mu ngalande, mvula ikagwa zonsezo zimathera mu Lingadzi ndi mu Lilongwe.

Musanataye chilichonse, uyu oyilo wakaleyu muyang'aneni bwino padzuwa, apa ndi pamene injini imaulula matenda ake. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi, mwina exhaust manifold kapena riser yang'ambika, mwina gasket ya head, mwina oil cooler. Imeneyo ndi nkhani yaikulu kuposa zinki, ndipo kunena zoona madzi mu oyilo ndi amene amapha injini za maboti zambiri, zinki sangathandize kalikonse pamenepo. Akamanunkha petulo kwambiri, carburettor ikusefukira ndipo oyilo wasungunuka. Akamanyezimira tizitsulo, viikanimo maginito. Fumbi lotuwa pang'ono pa maginito si zachilendo ayi, koma tizidutswa tomveka m'zala ndi chizindikiro choti china chake chikudyeka. Fyuluta yakale idulenso, koma osati ndi sowo chifukwa mudzadzipangira nokha tizitsulo n'kuyamba kuda nkhawa pachabe, gwiritsani chodulira mapaipi kapena sizasi ya malata, tambasulani pepala lamkati muone.

Tsopano pakani oyilo watsopano pa labala ya fyuluta yatsopano, mangani ndi dzanja. Tengani lita imodzi ya oyilo watsopano mu chigubu choyera, thiranimo zinki munayeza uja, khutchumulani bwinobwino, thirani mu injini, kenako tsatizani oyilo wotsalayo. Kumbukirani kuchotsera, ngati mwathira mamililita 100 a zinki ndiye oyilo achepe ndi omwewo, kudzazitsa kumapangitsa crankshaft kumenya oyilo mpaka thovu. Lizani, diso pa geji ya oil pressure, ikwere m'masekondi ochepa. Zimitsani, dikirani mphindi 5, onani dipisitiki boti litakhala mowongoka, pa thirela yopendekeka dipisitiki imanama. Lembani tsiku ndi ma hours a injini pa fyuluta ndi maka. ZDDP amatha pamene akugwira ntchito, nde kusintha ndi pa maola 100 aliwonse kapena kamodzi pa chaka, chimene chayamba kukwana, ndipo ngati boti likukaima nthawi yaitali sinthani lisanaime osati podzalitulutsa, oyilo wakale amakhala ndi asidi amene amadya zitsulo mwakachetechete.

Boti limene laima miyezi yambiri lili ndi vuto lake lapadera, oyilo yense amatsikira pansi, kamu imauma gwa. Kuliza koyambako ndi kumene kumapala kwambiri. Chotsani ma valve cover muthire oyilo pa ma rocker kuti atsikire kunsi, ndipo pa ma V8 a Chevrolet makaniko wodziwa amatha kuchotsa distributor n'kuzunguza pampu ya oyilo ndi drill mpaka geji itakwera. Muli pomwepo zunguzani injini ndi sipanala pang'onopang'ono mukuyang'ana ma rocker. Onse azitsika mofanana. Mukaona ina ikungogwedera pang'ono pamene anzake akutsika kwambiri, kalinunda kake kadyeka kale. Zizindikiro zina ndi kugogoda kosatha pamwamba pa injini ngakhale mutasintha ma clearance, mipata ya mavalavu, kuphulika kobwerera ku carburettor mukaponda moto, ndi boti kukanika kudzuka pa madzi. Zikafika apa musataye ndalama pa kabotolo, chitsulo chodyeka sichimeranso. Pakufunika kamu ina, ndipo injini itsukidwe mkati chifukwa zitsulo zadyekazo zayenda paliponse mpaka mu ma bearing.

Nde pa kamu yatsopano ndi pamene zinki ali wofunika kwambiri kuposa nthawi ina iliyonse, mphindi 30 zoyambirira ndi zimene zimagamula ngati kamuyo ikhale zaka kapena ife sabata yomweyo. Kamu yatsopano imafuna matapeti atsopano, osabwezera akale ngakhale akuoneka bwino, amakaniko athu ena a ku Biwi ndi ku Kawale amakonda kupulumutsa bwana ndalama pamenepa, akaneni mwaulemu. Ngati mukubwezera kamu yakale yomweyo, tapeti iliyonse ibwerere pa bowo lake, ikani m'katoni molemba manambala. Timalinunda ndi kunsi kwa matapeti pakani mafuta apadera a kamu aja okhuthala, nthawi zambiri amabwera ndi kamuyo. Onani kuti tapeti iliyonse ikuzungulira momasuka m'bowo mwake ndi zala. Thirani oyilo wa break-in, wopangidwira kuliza koyamba kwa zitsulo zatsopano, ngati mwamupeza, apo ayi 15W-40 wamba wosakhala synthetic ndi zinki wowerengera bwino kufika cha m'ma 1400.

Konzani zonse injini isanalire, timing ikhale pafupi, petulo akhale mu carburettor, batire yodzaza, madzi akuyenda, chifukwa kupukusa sitata nthawi yaitali kumapukuta mafuta munapaka aja. Ikangolira, ikwezeni nthawi yomweyo kufika 2000 mpaka 2500 rpm, giya ili pa neutral, ndipo muzisinthasintha pakati pamenepo kwa mphindi 20 mpaka 30. Musaisiye pa idle, pa idle oyilo sawazika mokwanira kufika pa kamu. Anthu oyandikana nawo nyumba adzadandaula phokoso, auzirenitu. Wina aziyang'ana geji ya kutentha ndi ya oyilo, wina aziyang'ana kudontha. Pakachitika vuto zimitsani, konzani, mukalizanso bwererani pa 2000 pomwepo mumalize nthawi yotsala. Pamadzi ndi bwino kuposa pa payipi, chifukwa mpopi wa panyumba nthawi zina sukwanitsa madzi amene pampu imakoka pa ma rpm amenewa, nde ngati mungathe kokerani boti ku Salima, ndi msewu wa maola awiri osakwana, mukachitire pa doko litamangidwa.

Mukamaliza tayani oyilo ameneyo ndi fyuluta yake akadali otentha, dulani fyuluta muone, thirani watsopano. Maola 10 oyambirira musaithamangitse mpaka kumapeto ndipo musaisiye pa idle nthawi yaitali, kenako sinthaninso oyilo pa maola 20, ndipo ngati matapeti anu ndi a solid, osati a hydraulic, yezaninso ma clearance ndi feeler gauge mulembe manambala ake m'kabuku, kuti ulendo wina mukadzayeza mudzaone ngati pali valavu imene mpata wake ukukula kuposa inzake.